Chitseko cha a Bwanali

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Yusufu anabwera kuchokera kunkhondo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwina khumi, pakuti kwathu kufupi ndi Chipoka msinkhu wa mwana wamkazi ankauonera pa kukula kwa mtsuko umene angasenze. Dzina langa ndine Asiyatu, ndipo ndinali mwana wotopetsa. Amayi ankati pakamwa panga mpobooka, mafunso amangotayikira pansi tsiku lonse.

Asilikali ena anabwera ndi masutikesi, zipewa ndi nkhani zosatha. Amalume anabwera ndi njinga yakuda, tenti yakale yong'ambika pakona, ndi pakamwa potseka. Asanapite anali munthu wanthabwala amene ankandiyendetsa pamapewa mudzi wonse, koma tsopano ankangondigwira pamutu n'kudutsa. Chimene chinasokoneza anthu kwambiri n'chakuti sankafuna kugona m'nyumba. Amayi, pokhala mlongo wawo, anawakonzera kanyumba pafupi ndi yathu, anakazira bwino, n'kuikapo chitseko chatsopano cha bango. Koma m'mawa uliwonse tinkawapeza atadzipinda pansi pa mtengo wa mango, bulangete litanyowa ndi mame.

Kwathu munthu wogona panja ali ndi nyumba ankamuganizira zinthu ziwiri zokha, ufiti kapena misala. Akuluakulu a banja lathu anasankha misala, chifukwa inali yopepukirapo kuinena. Ndipo wodwala ankamusunga m'nyumba, kuti mphepo ndi maso a anthu zisamuwonjezere matenda. Choncho anayamba kumawalowetsa amalume mokakamiza n'kupiringidza chitseko kunja. Sizinatenge nthawi. Tsiku lina tinapeza chitseko chili pansi, bango lili mbwee pabwalo, njinga ndi tenti palibe.

Anabwerako patapita milungu, ataonda, atada ndi dzuwa, koma maso awo atakhazikika. Kuyambira pamenepo anayamba kumayenda maulendo otere, kutsata gombe la nyanja kumpoto kapena kum'mwera. Anthu ankadabwa. Masiku amenewo njinga inali chuma, ndipo amene anali nayo ankapakira nsomba zouma kupita nazo kumapiri kukagulitsa. Koma munthu kumapalasa mtunda wonsewo wopanda dengu kumbuyo! Akawafunsa chimene amakachita, ankangoti, “Ndimakaona.” Yankho limeneli linkawapsetsa mtima akuluakulu, koma ine linkandisowetsa mtendere mwa njira ina. Ndinkafuna kudziwa kuti kumeneko kuli chiyani choti munthu n'kukachiona.

Atathyola chitseko kachiwiri, akuluakulu anakhala pansi. Ndinamva zonse ndili kuseri kwa nkhokwe, kumene ndinkanamizira kutola nkhuni. Anagwirizana kuti akadzachitanso, awamange ndi zingwe, awakweze sitima yapamtunda, apite nawo kum'mwera kumene boma linkatsekera anthu odwala misala, ndipo njingayo aigulitse. Ndinaona ndi maso anga chingwe chimene anachikonzeratu, chitapachikidwa pakhonde la agogo aamuna.

Masiku omwewo kunabwera uthenga wakuti amayi aang'ono, a Mariamu, amene anakwatiwa kutali kumpoto moyang'anizana ndi chilumba cha Mbenji, abereka mwana wamwamuna. Panafunika munthu wokapereka nsalu ndi mpunga. Amalume anati iwo ndi amene apite. Amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba.

“Upita nawo,” anatero. “Alongo anga sangakupweteke, chimenecho ndikudziwa. Chimene sindikudziwa ndi chimene chikuwathamangitsa. Iwe maso ako sakhala pansi, ndiye ukaone zonse. Ukadzabwera udzandiuze zoona. Ngati mutu wawo suli bwino, ine sindingathenso kuwaletsa anthuwa.”

Ndinavomera msangamsanga chifukwa cha njinga. Kulemera kwa mawu amenewo ndinakumva tili kale panjira.

Tinanyamuka m'mawa, nyengo ya mphepo ya mwera. Amalume anapinda tenti n'kuimanga pakaliyala kuti ikhale mpando wanga, mpunga anaupachika kutsogolo, ndipo chitini chophikira chinkalira kumbali ngati belu lachiwiri. Ndisanakwere anandilangiza chinthu chimodzi, kuti mapazi ndiziwatalikitsa ndi masipoko. Kenaka mudzi wathu unayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo ine ndinaseka mokweza ngati wopusa.

Sindinkadziwa kuti mchenga uli ndi mitundu. Wouma unkameza matayala, moti tinkatsika n'kumakankha, thukuta lili kamukamu. Koma pamene funde langobwerera kumene, mchenga unkakhala wolimba ngati pabwalo lozira, ndipo amalume ankapalasa pomwepo, madzi akutithovukira kumiyendo. Gombe likatha chifukwa cha bango kapena miyala, tinkalowa kumtunda, m'tinjira ta m'minda ya chinangwa, kumene minga inkatidikira. Tayala likaphwa, amalume sankadandaula. Ankatulutsa chubu, kuipopa pang'ono, n'kuimiza m'nyanja, ndipo ntchito yanga inali yoyang'ana pamene pakutuluka thovu. Ndinkanyadira ntchito imeneyi kuposa kusinja konse kumene ndinasinjapo.

Mafunso anga anapeza mwini wake. Kunyumba ankandithamangitsa nawo, koma amalume ankayankha lililonse, mwachidule, osatembenuka. N'chifukwa chiyani njinga siigwa ikamayenda koma imagwa ikaima? Kodi tsidya lija kuli anthu? Amalankhula ngati ife? Nanga mtsinje ukalowa m'nyanja, madzi ake amadziwikanso? Pamtsinje waukulu wa Linthipe tinakweza njinga m'bwato, itagona chopingasa, mwini bwato akung'ung'udza kuti chitsulo chimaitana ng'ona. Amalume anamuuza kuti ng'ona ya kumeneko ikafuna njinga iyambe yaphunzira kupalasa, ndipo mwini bwatoyo anaseka. Aka kanali koyamba kuwamva akuchita nthabwala chibwerereni kunkhondo, ndipo ndinakasunga mumtima kuti ndikauze amayi.

Za chakudya sitinkavutika. Pagombe pali lamulo limene aliyense amalidziwa: ukapeza anthu akukoka khoka, gwira chingwe, ndipo nsomba zikatuluka sungachoke chimanjamanja. Amalume ankaimika njinga, kupereka salamu, kupinda buluku n'kulowa pamzere. Ine ndinkagwira kumapeto kwenikweni, kumene chingwe chinali chitagona kale pansi, n'kumabuula ngati ndikukoka ndekha. Tinkachoka ndi utaka wodzaza chitini, nthawi zina ndi chambo chimodzi. Asodzi ankazungulira njinga, kuliza belu, n'kufunsa funso lomwe lija la kwathu. Amalume akati, “Ndikungoona,” ena ankaseka, koma mkulu wina anati, “Mukatiuzeko pobwerera, ife tinabadwira pano ndipo sitinapitirirepo phiri ilo.”

Malo ogona ankawasankha dzuwa likadali pamwamba, ndipo ankawasankha mosamala kuposa mmene mkazi amasankhira mphika pamsika. Ankayenda chowerama kufunafuna mapazi a mvuu, chifukwa mvuu ili ndi njira yake yopitira kukadya ndipo siipatukira munthu. Ankapewa pakamwa pa mtsinje chifukwa cha ng'ona, ndiponso pansi pa mtengo wouma. Akakhutira, ankakhoma zikhomo, kukoka zingwe, ndipo nsalu ija inkasanduka nyumba ine ndikuona. Kenaka ankatawaza, kuyala kansalu n'kuswali, ine ndikuwotcha nsomba ndi chinangwa.

Pa zonsezi sindinaone misala. Ndinkaifunafuna ndithu, monga anandituma, ndipo tsiku lililonse ndikaisowa mtima unkapepuka. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkandidabwitsa. Tenti ija inali ndi nsalu zotsekera kutsogolo ndi kumbuyo, zokhala ndi timizere ta zingwe, koma amalume ankazipindira pamwamba mbali zonse ziwiri. Mwera unkangodutsa mkati ngati pamsewu, ndipo udzudzu unkalowa ndi abale ake onse. M'mawa wina, ndikukanda zidzolo, ndinawafunsa chifukwa chake sitimanga zingwezo.

“Ndimafuna ndiziona potulukira,” anatero.

“Nanga mutulukirenji, poti muli kale panja?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa bulangete lawo kuti ndizifunda awiri. Funso limenelo lokha ndi limene sanandiyankhe.

Tinafika kwa amayi aang'ono masana, chilumba cha Mbenji chikuoneka patali pakati pa madzi. Amuna awo, a Bwanali, anali mmisiri wa matabwa, munthu wamfupi, wamawu aakulu, wokoma mtima koma wokonda kutamandidwa. Anali atangomaliza kumanga nyumba, ndipo ulemerero wonse wa nyumbayo unali pachitseko. M'dera lonselo zitseko zinali za bango kapena mapesi, koma chawo chinali cha matabwa a mlombwa, chopalidwa mpaka kuwala, chokhala ndi mahinjesi achitsulo amene anakawagula ku Salima, ndi kachitsulo kotsekera mkati kamene kankagwa kokha kuti gwa. Anthu ankachokera midzi ina kudzangochiona. Tisanaone n'komwe khanda, a Bwanali anali atatitsegulira ndi kutitsekera chitsekocho kangapo kuti timve mmene chimalirira.

Anapha nkhuku, amayi aang'ono anaphika mpunga. Mlendo wolemekezeka, makamaka mlamu, sankadyera pabwalo ngati wongodutsa. Ankamulowetsa m'nyumba, n'kukankha chitseko kuti adye momasuka popanda ana ndi nkhuku kumuyang'ana m'kamwa. Ndinaona amalume akuima pakhomo, akuyang'ana mkati, akuyang'ananso njinga yawo.

“Alamu, tikhoza kudyera pansi pa mtengo apa,” anatero.

“Pansi pa mtengo? Anthu anene kuti Bwanali wamanga nyumba yodyeramo yekha? Kapena mwamva kuti muli nsikidzi? Lowani, alamu, lowani!”

Analowa chifukwa cha ulemu. Ine ndinalowa nawo nditanyamula madzi osamba m'manja, ndipo ndinagwada patsogolo pawo. Ndikuyamba kuthira, a Bwanali anakankha chitseko, kachitsulo kaja kanagwa, ndipo m'nyumba munada.

Ndinayamba kumva ndi madzi. Ankandithovukira kumaso chifukwa manja a amalume ankanjenjemera. Kenaka ndinamva kupuma kwawo, kofulumira, ngati kwa munthu amene wangovuuka m'madzi akuya. Anadzambatuka, mbale ya mpunga inagubuduzika, ndipo anafika pachitseko n'kuyamba kupapasa. Kachitsulo kaja sankakadziwa. Anakankha, anakoka, kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuchigunda ndi phewa, nyumba yonse inagwedezeka. A Bwanali ankakuwa kuti, “Alamu! Alamu!” Ine ndinaona chingwe chija cha pakhonde la agogo ngati chili pamaso panga. Ndinadziwa kuti chitseko ichi chikathyoka, amalume apita. Ndinakwawira pansi pa mkono wawo n'kukweza kachitsulo kaja, monga a Bwanali anationetsera kangapo konse.

Anatuluka ngati aponyedwa. Anakagwada pafupi ndi njinga, atagwira tayala ndi manja onse awiri, malaya atanyowa. Anthu oyandikana nawo nyumba anali atafika kale, ataima mozungulira. Amayi aang'ono ankalira khanda lili m'manja. A Bwanali anatuluka nkhope itagwa, mpunga utawamatirira kumapazi, n'kuyamba kusisita chitseko chawo pamene panagunda phewa.

“Tinkamva ngati mabodza,” anatero motsitsa mawu. “Kodi ndi zoona eti. Mayi a mwana, tiyenera kutumiza mawu kwa akulu anu. Munthuyu asayendenso yekha ndi mwana.”

Mwana sankalankhula pakati pa akuluakulu, makamaka mwana wamkazi, pamudzi wa eni ake. Ndinkalidziwa lamulolo, koma pakamwa pobooka sipasunga lamulo.

“Bambo,” ndinatero, “kodi chitsekochi chimachoka?”

Amayi aang'ono ananditsina pamkono mpaka ndinaona nyenyezi. Koma a Bwanali anatembenuka. “Wati chiyani?”

Ndinayamba kulira, ndipo mawu anatuluka osakanikirana ndi mamina. Ndinati amalume si amisala. Ndinati amadziwa njira ya mvuu, amaswali nthawi yake, amamata chubu, ndipo anamuseketsa mwini bwato. Ndinati m'tenti amagona bwinobwino ngakhale ili ndi denga, koma samanga zingwe zake, chifukwa amafuna aziona potulukira. Ndinati m'nyumba analowa okha, ndipo manja anayamba kunjenjemera pamene chitseko chinalira.

A Bwanali anayang'ana amalume, anayang'ana chitseko, anayang'ananso anthu amene anaima aja, omwe ambiri a iwo anabwerapo kudzachitamanda. Kenaka analowa m'kachisakasa kawo ka zipangizo n'kutulukamo ndi chomasulira. Anagwada pakhomo n'kuyamba kumasula mahinjesi, limodzi ndi limodzi, mosafulumira, misomali yake akuiika m'kamwa kuti isatayike. Mnansi wina anati, “A Bwanali, mwatani kodi? Chitseko chabwinobwinochi?” Iwo sanayankhe, poti m'kamwa munali modzaza. Atamaliza anachisenza pamsana, kamunthu kafupi pansi pa thabwa lalikulu, n'kukachitsamiritsa kuseri kwa nyumba. Anabwerako akupukuta manja.

“Alamu,” anatero, “nyumba iyi ilibe chitseko. Mpunga wina ulipo mumphika, ndipo ukuzizira.”

Panapita kanthawi amalume asanadzuke. Atadzuka anayenda pang'onopang'ono, anaima pakhomo, anagwira mafelemu mbali zonse ziwiri ngati akuyeza, n'kulowa. Anakhala moyang'ana kunja. Ndinawathiranso madzi, ndipo ulendo uno madziwo anatsikira m'beseni mwakachetechete. Anadya nkhuku ija mpaka mafupa, nkhuku zamoyo zikusuzumira pakhomo popanda woziletsa.

M'mawa mwake ndinadzuka msanga n'kuthamangira pansi pa mtengo, kumene ndinkayembekeza kuwapeza. Panali njinga yokha, ndi tenti yosamasula. Amalume anali m'nyumba, pamphasa, mutu uli chapakhomo, akuliza mkonono dzuwa litatuluka kale. A Bwanali anali atakhala pakhonde atafunda bulangete, akuthamangitsa mbuzi ndi kamtengo kuti zisalowe. Anandiyang'ana n'kuika chala pakamwa.

Pobwerera, tsiku lina tikumata chubu pagombe, amalume anayamba kulankhula osafunsidwa. Anati kunkhondo, kudziko la nkhalango ndi mvula yosatha, ankabisala m'maenje ofoleredwa ndi mitengo ndi dothi. Tsiku lina bomba linagwa pafupi, ndipo khomo la dzenje lawo linatsekeka. Anali ndi anzawo mkatimo. Pamene anthu anadzafukula, amene ankapuma anali iwo okha. Sananene zambiri kuposa pamenepa, ndipo ine, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, sindinafunse funso lina. Ndinangowalozera pamene pankatuluka thovu.

Titafika kwathu amayi anali akupeta mpunga. Sanadikire kuti ndimwe madzi. Anandikokera kuseri kwa nyumba komwe kuja, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira za ng'ona yophunzira kupalasa mpaka za a Bwanali atasenza chitseko, ndi za dzenje lija. Ndikufotokoza, amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, lichero lili pamiyendo.

“Ndiye ife tinkawapiringidzira kunja,” anatero. “Ine ndi manja angawa.”

Agogo aamuna atamva anapukusa mutu. Anati nyumba yopanda chitseko ndi khola, ndipo fisi akadzalowa tisadzawadzutse. Amayi sanatsutsane nawo. Anatenga mpeni, anapita kukanyumba ka amalume, n'kudula luzi lonse limene linamanga chitseko chachitatu, chimene anaikapo ziwiri zija zitathyoka. Mpiringidzo anauthyola pabondo n'kuusonkhezera pamoto. Chingwe chija chinakhalabe pakhonde la agogo mpaka mvula itagwa, kenaka wina anachitenga kukamangira mbuzi.

Amalume sanasiye kuyenda. Chaka chilichonse mwera ukayamba ankapukuta njinga yawo n'kutsata gombe, ndipo ine ndinapita nawo maulendo ena awiri ndisanakule. Koma tsopano ankapita ngati munthu wopita kokaona, osati wothawa, ndipo akabwerako ankagona m'nyumba mwawo. Anadzakwatira, anabereka ana, ndipo pakhomo pawo pankangolendewera nsalu mpaka tsiku limene tinawanyamula kupita nawo kumanda. Fisi sanalowemo.

Tsopano ndine wokalamba, ndipo ndaganizira nkhaniyi zaka zambiri. Palibe aliyense kwathu amene ankadana ndi amalume. Amayi ankawakonda kuposa munthu wina aliyense, ndipo ndi chikondi chomwecho chimene ankapiringidzira chitseko. Tonse tinkadziwa mmene wodwala amasungidwira ndi mmene mlendo amalemekezedwera, moti panalibe amene anaona chifukwa chofunsira mwini wakeyo kuti chikumuopsa n'chiyani. Ine ndinangofunsa chifukwa ndinali mwana wosamva. Amene anachita chinthu chovuta anali a Bwanali, amene anamvera mwana anthu akuona, n'kuchotsa ndi manja awo chinthu chimene ankanyadira kuposa zonse.

Nyumba yanga ya lero ili ndi zitseko zamatabwa ndi maloko, ndipo adzukulu anga amandiseka chifukwa cha chizolowezi changa chimodzi. Mlendo aliyense ndikamuyalira pogona, ndimaima pakhomo dzanja lili pachitseko, n'kumufunsa kuti, “Nditseke, kapena ndisiye chonchi?” Ambiri amadabwa n'kuti nditseke. Koma pa zaka zonsezi alipo angapo amene anandiyang'ana monga anandiyang'anira amalume m'mawa uja pagombe, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Siyani chonchi, amayi.”